Anandiyeretsa muzu wa dzino koma likupwetekabe. Kodi sikani ya CBCT ndi yofunikadi?

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 41, ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Miyezi isanu ndi itatu yapitayo anandipanga root canal, kuyeretsa muzu kuja, pa dzino lam'munsi kumanzere, loyandikana ndi dzino losongoka lija. Pakhadi analemba 34. Mpaka lero ndikaluma chinthu cholimba limapweteka, ndipo pausinini patuluka kachithupsa komwe kamaphulika n'kubweranso. Dokotala wina yemwe ndapitako akuti mwina dzinoli lili ndi kanjira kachiwiri komwe sikanayeretsedwe, ndiye ndikajambulitse pa makina otchedwa CBCT, ndalama zake zapadera. Koma woyamba uja anandionetsa X-ray, muzu unali umodzi. Kodi akungofuna kundidyera ndalama? Si bwino ndingolizula?

Yankho: Mayi, pepani ndi ululuwo. Miyezi yonseyi mukutafunira mbali imodzi, mwavutika ndithu. Pa zomwe mwafotokozazi, sikaniyo ndi yoyenera, ndipo mukanakhala pampando wanga ndikanapempha yomweyo. Musathamangire kuzula. Madokotala awiriwa sakutsutsana monga mukuganizira, chifukwa muzu utha kukhala umodzi ndithu koma m'kati mwake muli tinjira tiwiri.

Nambala yomwe anakulemberaniyo yandiuza zambiri. M'kamwa timagawamo zigawo zinayi. Apa 3 akuimira m'munsi kumanzere, ndipo 4 akutanthauza dzino lachinayi kuwerenga kuchokera pakati. Limeneli ndi loyamba mwa mano awiri otchedwa ma-premolar, omwe amakhala pakati pa dzino losongoka ndi mano akuluakulu otafunira kumbuyo. Amamera mwana ali ndi zaka 10 mpaka 12, pamalo pomwe mano oyamba aja agweluka. Kuliona kunja ndi dzino losavuta. Ndi laling'ono, muzu wake ndi wowongoka, ndipo lonse kutalika kwake ndi mamilimita 21 kapena 22 basi. Wophunzira udokotala wa mano akapatsidwa dzino limeneli amamwetulira, amati lero ntchito yaphweka. Koma akatswiri akale ankaliopa. Mu 1979 Slowey analemba kuti ma-premolar am'munsi ndiwo amazunguza kwambiri mitu ya oyeretsa mizu, ndipo kafukufuku wodziwika wa ku University of Washington anapeza kuti mwa mano onse, loyamba lam'munsi limeneli ndilo ntchito yake inkalephereka kawirikawiri, pafupifupi 11 pa 100 alionse.

Mukathyola chinangwa mumaona kamtsitsi koyenda pakati, kuyambira kumutu mpaka kunsonga. Muzu wa dzino ulinso ndi kanjira kotero, ndipo m'menemo mumadutsa timitsempha ta magazi ndi mtsempha womwe umamva kuzizira ndi kupweteka. Dzino likabooka mpaka kufika pamenepo, mnofu wam'katiwo umafa n'kuwola, ndipo tizilombo timapeza pokhala. Magazi salowanso m'menemo. N'chifukwa chake amoxicillin amangoziziritsa kwa masiku ochepa vuto n'kubwerera, popeza mankhwala amayenda ndi magazi, ndipo komwe magazi safika nawonso safika. Ntchito yonse ya root canal ndi kukokolola zowolazo, kutsuka, ndi kutseka kanjira kalikonse mpaka kunsonga. Kakatsala kamodzi, ngakhale kochepa ngati tsitsi, ndiye kuti gwero la mafinya latsala. Kachithupsa kanu kaja ndi khomo lomwe thupi ladziboolera lokha kuti mafinya azitulukira. Kakaphulika mumamvako bwino, koma kumeneko si kuchira.

Munthu yemwe anatithandiza kwambiri kudziwa mmene tinjira timeneti timayendera ndi Frank Vertucci wa ku University of Florida. Anatenga mano ozulidwa 2,400, nawaviika mu asidi, nathira utoto m'tinjira take, n'kuwachititsa kuti azionekera m'kati ngati galasi. Mu 1984 anafalitsa mitundu isanu ndi itatu ya mayendedwe a tinjira, yomwe tikugwiritsabe ntchito mpaka lero. Pali kanjira kamodzi kongotsika mpaka pansi, pali tiwiri tomwe timakakumana kutsogolo, pali komwe kamagawika n'kukumananso, mpaka mtundu wa tinjira titatu. Wachisanu ndi womwe ukukukhudzani. Pamwamba kanjira kamayamba kamodzi, koma kakafika pakati pa muzu kapena kumunsi kamapanga mphanda, ndipo nthambi iliyonse imakatulukira payokha. Pa mano 400 onga lanuli, 70 pa 100 alionse anali ndi kanjira kamodzi, pomwe 24 pa 100 anali a mphanda imeneyi. Mnzake woyandikana naye, premolar wachiwiri, ndi wofatsa. Pa mano amenewo 97.5 pa 100 anali ndi kanjira kamodzi. Mu 2007 Cleghorn ndi anzake a ku Canada ataphatikiza kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana anapeza zofanana: loyambalo pafupifupi 98 pa 100 lili ndi muzu umodzi, komabe limodzi mwa anayi alionse lili ndi tinjira toposa kamodzi. Muzu umodzi si umboni wa kanjira kamodzi.

Kwa ife anthu akuda nkhaniyi ndi yaikulu koposa pamenepa, ndipo ine zimandipweteka kuti siinenedwa mokwanira m'makalasi. Martin Trope, yemwe anabadwira ku Johannesburg komwe muliko n'kupita kukagwira ntchito ku America, mu 1986 anayerekeza ma X-ray a odwala akuda ndi azungu ku Philadelphia pamodzi ndi anzake Elfenbein ndi Tronstad. Pa premolar woyamba wam'munsi, mano okhala ndi tinjira toposa kamodzi anali 32.8 pa 100 mwa anthu akuda, pomwe mwa azungu anali 13.7. Amenewa anali akuda a ku America, choncho chiwerengerocho sitingachinyamule mmene chilili n'kuchiika pa Mmalawi kapena Mzambia. Koma umboni wina ukuloza komweko. Ofufuza mafupa ndi mano a mitundu ya anthu amadziwa kangalande kozama komwe kamatsika m'mbali mwa muzu wa dzino limeneli, nthawi zina mpaka kuugawa pawiri. Amakatchula ndi dzina la Charles Tomes, dokotala wa mano wa ku England, ndipo kamapezeka kawirikawiri mwa anthu a ku Africa kumwera kwa Sahara. Kangalandeko kakazama kunja, m'kati nthawi zambiri mumakhala mphanda. Ofufuza a ku University of Pretoria, omwe mu 2022 anafalitsa zomwe anaona pa masikani a CBCT a anthu akuda a ku South Africa, anapezanso kuti tinjira toposa kamodzi si tachilendo pa dzino limeneli. Ine ndikamatsegula 34 kapena 44 (mnzake wa kumanja) wa munthu wakwathu, ndimayamba ndi maganizo oti tinjira tilipo tiwiri, mpaka nditatsimikiza kuti kalipo kamodzi.

Nanga bwanji X-ray yoyamba ija sinaonetse? X-ray yaing'ono ndi mthunzi chabe. Chiyambire 1896, pomwe Otto Walkhoff wa ku Germany anajambula mano ake omwe atakhala phee kwa mphindi 25, zipangizo zasintha kwambiri, koma mfundo yake ndi yomweyo: cheza chimalowera mbali ya tsaya n'kukatulukira mbali ya lilime. Tsono mphanda ya dzino lanu imagawikira mbali zomwezo, nthambi ina kutsaya, ina kulilime. Anthu awiri akaima pamzere kutsogolo kwa nyali, wina kumbuyo kwa mnzake, pakhoma pamaoneka mthunzi wa munthu mmodzi. Musunthe nyaliyo pang'ono cha kumbali, mitu iwiri ionekera. N'chifukwa chake dzino limeneli sitiyenera kulijambula kamodzi kokha. Timajambula molunjika, kenako timapendeketsa makina madigiri 20 kapena kuposerapo pang'ono, n'kujambulanso. Palinso chizindikiro china chomwe diso lozolowera limagwira. Kanjira kamaoneka kakuda bwinobwino kakutsika, ndiye pakati pa muzu kamangozimirira mwadzidzidzi ngati kafufutidwa. Sikanathe ayi. Pamenepo ndi pomwe kagawika kukhala tiwiri topyapyala. Ngati X-ray yanu yoyamba ilipo, funsani dokotala wachiwiriyu ayang'ane chizindikiro chimenechi.

Vuto lina lili m'kaumbidwe ka dzinolo. Mutu wake umapendekera kulilime poyerekeza ndi muzu. Ukaboola pamwamba n'kulowetsa kafayilo, kachitsulo konga singano komwe timakokololera, kamangotsetsereka kulowa m'nthambi ya kutsaya popanda chokaniza. Nthambi ya kulilime imapatuka mokhota kwambiri, ndipo khomo lake limabisala pansi pa kashelefu ka dzino. Sungailowe mwangozi, umachita kuifunafuna.

Zimenezi ndinaziphunzira pa munthu. Ndili wamng'ono pantchito, kunabwera bambo wina, mphunzitsi, ali ndi dzino 44. Ndinaliyeretsa, ndinaikamo mankhwala, ndinamuuza abwere patapita sabata ziwiri. Anabwera akugwira tsaya. Ndinatsukanso, anabweranso chimodzimodzi. Ulendo wachitatu ndinasiya kafayilo m'kati n'kujambula mopendeketsa, ndipo pachithunzi kafayiloko sikanali pakati pa muzu, kanali kumphepete. Kanjira kakakhala kokha kamakhala pakati. Kakakhala kumphepete ndiye kuti mbali inayo kuli kanzake. Ndinakuza khomo cha kulilime, ndinapinda nsonga ya kafayilo kakang'ono ka nambala 10, n'kumakayendetsa pang'onopang'ono m'khoma. Chapakati pa muzu kanakodwa. Nditakakankha pang'ono kanalowa, ndipo fungo lomwe linatuluka linandiuza zonse. Patangopita masiku ochepa bamboyo anayamba kugona tulo. Sabata zija anazivutikira chifukwa ine ndinakhulupirira chithunzi chimodzi, ndipo sindinaiwale. Ndikunena izi kuti musafulumire kumuona dokotala wanu woyamba ngati wakuba kapena wosasamala. Dzino limeneli lapusitsa anthu odziwa ntchito.

CBCT inabwera kudzathetsa nkhani ya mthunziyi. Makina oyamba a mano anatuluka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ku Italy ndi ku Japan. Mumaima kapena kukhala pansi, chibwano chili pachotsamira, makinawo n'kuzungulira mutu wanu kwa masekondi owerengeka akujambula zithunzi mazanamazana. Palibe jakisoni, palibe ululu. Kompyuta imalumikiza zithunzizo, ndipo dokotala amatha kulidula dzinolo pasikirini monga mmene mumadulira nzimbe tizidutswa-tizidutswa, n'kumayang'ana pamwamba pa kachidutswa kalikonse. Pa dzino ngati lanu, chomwe ndimachita n'kutsika kuchokera kumutu mpaka kunsonga pang'onopang'ono. Pamwamba pamaoneka kadontho kamodzi koyera, komwe ndi mphira womwe anatsekera kanjira poyeretsa paja. Ndikamatsika, muzu umasintha kuchoka pozungulira n'kukhala ngati nyemba, kadontho koyera kaja kamasendera kutsaya, ndipo kulilime kumatulukira kadontho kena kakuda. Kameneko ndi kanjira kosayeretsedwa. Nthawi zina tinjirato timalumikizana ndi kampata kopyapyala kooneka ngati chilembo C, komwe kamasunga zowola ndipo kamafuna katsukidwe kapadera. Sikaniyo imaonetsanso kukula kwenikweni kwa fupa lomwe ladyeka kuzungulira nsonga. Fupa la nsagwada yam'munsi ndi lochindikala kunja kwake, moti limatha kubisa bala lalikulu ndithu pa X-ray yaing'ono. Mu 2016 Karabucak ndi anzake, ku Philadelphia komwe kuja, atayang'ana masikani a mano omwe anali atayeretsedwa kale, anapeza kuti 23 pa 100 alionse anali ndi kanjira kosiyidwa, ndipo mano oterowo mwayi wokhala ndi bala kunsonga unali woposa kanayi poyerekeza ndi enawo.

Sindikunena kuti aliyense wofuna root canal ajambulitse CBCT, ndipo dokotala wojambula aliyense wolowa pakhomo ndingamukayikire. Cheza chake ndi chochuluka kuposa cha X-ray yaing'ono, ngakhale n'chochepa poyerekeza ndi CT ya mutu ya kuchipatala chachikulu. Mabungwe a ku America a akatswiri oyeretsa mizu ndi ojambula m'kamwa anagwirizana mu 2015 kuti poyambira ndi X-ray yaing'ono, ndipo CBCT ibwere pomwe pali chifukwa: pokayikira tinjira towonjezera, pomwe zizindikiro sizikugwirizana ndi chithunzi, kapena pomwe dzino loyeretsedwa silikuchira. Inu muli ndi zifukwa zonsezi. Mukapita, pemphani kuti ajambule kachigawo kakang'ono kokha, ka masentimita anayi kapena asanu, osati mutu wonse. Kachigawo kakang'ono kamachepetsa cheza, komanso chithunzi chake ndi chomwe chimaonetsa tinthu tating'ono bwino. Ngati ndinu oyembekezera kapena mukukayikira, nenani asanajambule.

Makinawa nawonso ali ndi polekezera. Mphira wotsekera uja ndi zitsulo zam'kamwa zimamwaza cheza n'kupanga mizere yowala ndi yakuda pachithunzi, ndipo mizere imeneyi itha kubisa kanjira kapena kuoneka ngati mng'alu womwe kulibe. Kanjira kopyapyala kwambiri katha kusaoneka konse. Pamenepo wowerenga sikani amadalira mawonekedwe a muzu ndi pomwe pakhala kadontho koyera kaja. Makina oona bwino koposa, otchedwa micro-CT, amagwira ntchito pa mano ozulidwa okha. Choncho funsani kuti sikaniyo awerenge ndani, ndipo akuonetseni pasikirini ndi maso anu.

Kanjira kachiwiri ndi komwe ndikukayikira kwambiri, koma si chifukwa chokhacho chomwe dzino loyeretsedwa lingapwetekere. Chomata chapamwamba chitha kukhala kuti chikudontha, tizilombo tam'malovu n'kumalowanso. Mphira utha kukhala kuti unalekera panjira osafika kunsonga. Mwinanso mafinya akuchokera ku dzino loyandikana nalo. Pali kuyeza kosavuta komanso kotchipa: dokotala amalowetsa kamphira kopyapyala m'kachithupsa kaja n'kujambula, ndipo nsonga yake imaloza komwe mafinya akuchokera. Chomwe ndimaopa ndi muzu wong'aluka m'litali. Chizindikiro chake n'chakuti poyeza usinini kuzungulira dzino, paliponse pamakhala bwino koma pamalo amodzi kachitsulo koyezera kamangomira. Zikakhala choncho, palibe kuchitira mwina, dzinolo lizulidwe, ndipo dokotala woona mtima adzakuuzani musanawononge ndalama zina.

Kanjirako kakapezeka, ntchito yake ndi iyi. Amakubayani jakisoni wa dzanzi, n'kuveka dzinolo kansalu ka labala kotchinga malovu. Kansalu kameneka musalole kuti kasiyidwe, chifukwa kamatetezanso kuti kafayilo kasagwere kukhosi. Amachotsa mphira wakale, amakuza khomo cha kulilime, makamaka akuyang'ana ndi magalasi okuza kapena maikulosikopu, n'kulowa m'nthambi yobisika ija. Mankhwala otsukira ndi sodium hypochlorite, a mtundu womwewo wa mu Jik koma osungunulidwa mwa muyezo wake, ndipo si chinthu choyesera kunyumba. Ambiri timaikamo calcium hydroxide kwa sabata imodzi kapena ziwiri tisanatseke. Gwero likachotsedwa, kachithupsa kamauma kokha m'masiku ochepa, ndipo chimenechi ndi chizindikiro choyamba choti tagwira pomwe pali vuto. Fupa limachedwa, limatenga miyezi, nthawi zina kupitirira chaka, choncho mudzabwerere kukajambulitsa ka X-ray kakang'ono pakatha chaka ngakhale musakumva kanthu. Kafukufuku wambiri akaphatikizidwa amaonetsa kuti mwa mano anayi obwerezedwa ntchito, pafupifupi atatu amachira, ndipo pomwe chifukwa cholephera chadziwika bwino ngati kanjira kosiyidwa, ine ndimalowa ndi mtima wolimba. Pomaliza dzinolo limatidwe bwino pamwamba, mwinanso livekedwe crown, kachipewa kokuta dzino lonse, ngati latsala lopyapyala.

Pali chinthu china chomwe sikani imathandiza pamalo amenewa. Pafupi ndi nsonga za ma-premolar am'munsi, kawirikawiri cha pa wachiwiriyo, fupa lili ndi kabowo kachilengedwe komwe kumatulukira mtsempha wopita kumlomo wam'munsi ndi kuchibwano. Pa X-ray yaing'ono kabowoka kamatha kuoneka ngati bala la kunsonga, ndipo alipo mano abwinobwino omwe anabooledwa chifukwa cha iko. Komanso mankhwala kapena mphira zikapitirira nsonga pafupi ndi mtsemphawu, mlomo umachita dzanzi. Kudziwiratu kuti mtsempha uli patali bwanji ndi nsonga ya dzino lanu kumathandiza dokotala kudziwa polekezera.

Za kuzula ndikuzimvetsa. Kwathu ambiri tinakula tikudziwa kuti dzino likapweteka mankhwala ake ndi kulichotsa, ndipo m'zipatala zambiri ndi thandizo lokhalo lomwe limapezeka. Sindinyoza zimenezo, zapulumutsa anthu. Koma inu muli pomwe mungasankhe, ndipo muli ndi zaka 41 zokha. Mpata ukatsala, mano oyandikana nawo amayamba kupendekera m'menemo, lam'mwamba limatsika posowa lokumana nalo, fupa limaphwa, ndipo malo amenewa amaoneka mukaseka. Kudzatseka mpatawo ndi dzino loikirira, kaya bridge kapena implant, kumadya ndalama zambiri kuposa sikani ndi kubwereza ntchito pamodzi. Kwa owerenga omwe ali kutali ndi makina a CBCT, musataye mtima. Ma X-ray awiri kapena atatu ojambulidwa mopendeketsa, kuwala kokwanira, ndi dokotala wodziwa kuti dzino limeneli limabisa nthambi kulilime, zimapeza tinjira tambiri ndithu. Bambo mphunzitsi uja anachira popanda sikani.

Pitani kwa dokotala woyamba mukapemphe ma X-ray anu onse, la ntchito isanayambe ndi la pomaliza, ndipo muwatengere kwa wachiwiriyu. Ngati ntchitoyo akuiona kuti ndi yovuta, akutumizeni kwa katswiri wa mizu ya mano. Podikira, tsukani malowo monga mwa masiku onse, muzichukucha ndi madzi ofunda a mchere, musafinye kachithupsako, ndipo musayambe maantibayotiki panokha. Koma mukaona kutupa kukutsikira pansi pa nsagwada kapena pansi pa lilime, thupi likutentha, kukamwa kukukanika kutsegula, mukuvutika kumeza kapena kupuma, kapena mlomo wam'munsi wachita dzanzi, musadikire tsiku lomwe anakupatsani. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ndi usiku.